SUKULU IMENE INATSEKA MAKOMO M'MWEZI WA MARICHI

Mawu Oyamba

Munthu aliyense amene ali ndi mwana pa sukulu adziwa mmene mtima umagundira pamene mwanayo afika kunyumba atanyamula kalata ya mphunzitsi wamkulu. Tisanaitsegule n'komwe, tayamba kale kudzifunsa kuti, "Kodi walakwanji? Kapena afuna ndalama zina?" Koma nthawi zina kalatayo sinena za mwana wathu yekha ayi. Inena za sukulu yonse: kuti ndalama zachepa, kuti phunziro lakutilakuti lalekeka, kuti mphunzitsi uje sabweranso chaka chamawa.

M'kabuku kano tisimba mbiri ya sukulu za m'chigawo cha Michigan ku America, makamaka za mudzi wina wotchedwa Kalkaska, kumene sukulu zinatsekedwa m'chaka cha 1993 chifukwa ndalama zinatha. Tiona mmene akuluakulu a sukulu anauzira makolo za vutolo, mmene makolo anayankhira, ndi zimene zinatuluka pa nkhaniyi. Ngakhale dzikolo lili kutali, funso lake lili pafupi ndi kholo lililonse: ndalama za sukulu zikachepa, kodi makolo auzidwe liti, ndipo auzidwe motani?

Chigawo cha Michigan ndi Sukulu Zake

Michigan ndi chimodzi mwa zigawo 50 za dziko la United States. Chili kumpoto, kumalire ndi dziko la Canada, ndipo chazingidwa ndi nyanja zazikulu za madzi opanda mchere. Imodzi mwa izo, Nyanja ya Michigan, kukula kwake ndi pafupifupi kawiri Nyanja ya Malawi. Mzinda waukulu ndi Detroit, kumene amapanga galimoto, koma likulu la Boma lili ku Lansing. Kumeneko ndiko kumakhala Bwanamkubwa wa chigawo ndi Nyumba ya Malamulo. Chaka cha sukulu chimayamba kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala, ndipo chimatha mu Juni.

Sukulu imene ife tiitcha ya sekondale, iwo aitcha high school. Mwana amakhalako zaka zinayi, monga momwe athu amayambira Fomu 1 kufikira Fomu 4. Pamodzi ndi masamu, Chingelezi ndi sayansi, kumakhalanso kuimba, kujambula, ntchito za manja ndi masewera. Ana a kutali amawanyamula pa basi ya sukulu. M'sukulu za Boma mwana salipira fizi.

Tsono ndalama zake zinali kuchokera kuti? Kuyambira kale anthu a kumeneko anazolowera kuti sukulu ndi ya eni dera. M'chaka cha 1785 Boma la United States linalamula kuti malo a kumadzulo apimidwe ndi kudulidwa m'madera a mamailosi 6 m'litali ndi 6 m'lifupi. Dera lililonse linagawidwa m'minda 36, ndipo munda wa nambala 16 unapatulidwa kuti phindu lake lithandize sukulu. Michigan atakhala chigawo chokwanira m'chaka cha 1837, mwambo wa sukulu za eni dera unakhazikika. Anthu anali kusankha okha bungwe la sukulu, ndipo ndalama zambiri zinali kuchokera ku msonkho wa nyumba, minda ndi masitolo a m'dera lomwelo.

Mlandu wa ku Kalamazoo

Poyamba si onse anavomera kuti msonkho ulipirire sukulu ya sekondale. M'tauni ya Kalamazoo anakhazikitsa sukulu yotere m'chaka cha 1858. Patapita zaka, mu 1873, anthu atatu achuma, wowatsogolera wawo Charles E. Stuart, anakasuma ku bwalo la milandu. Iwo anati msonkho uyenera kulipirira maphunziro oyamba okha, ndiwo kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Anati amene afuna kuti mwana wake aphunzire Chilatini kapena zilankhulo zina zachilendo alipire yekha.

Mlanduwo unafika ku Bwalo Lalikulu la Michigan, ndipo m'chaka cha 1874 woweruza Thomas M. Cooley analemba chigamulo. Bwalo linagamula kuti palibe lamulo loletsa anthu a dera kusonkha ndalama za maphunziro apamwamba, ngati iwo eni avomereza kusenza katunduyo. Mbiri ya chigamulochi inamveka m'zigawo zina, ndipo sukulu za sekondale zaulere zinachuluka m'dziko lonse.

Tiyeni tisunge mfundo imeneyi, pakuti ndiyo muzu wa nkhani yathu. Sukulu ya sekondale inaima pa chivomerezo cha anthu osonkha. Motero akuluakulu a sukulu sakanatha kungolamula. Anayenera kufotokoza, kupempha ndi kudikira yankho.

Malamulo Ouza Makolo

M'kupita kwa zaka, mwambo wofotokozera anthu unalembedwa m'malamulo. Malamulo aakulu a Michigan a m'chaka cha 1963 anati bungwe lililonse lokhometsa msonkho lisavomereze bajeti, ndiyo ndondomeko ya ndalama zolowa ndi zotuluka m'chaka, lisanaitane anthu ku msonkhano wapoyera. Chidziwitso cha msonkhanowo chiyenera kutuluka m'nyuzipepala kutatsala masiku osachepera 6. M'chaka cha 1976 kunabwera lamulo lakuti misonkhano ya mabungwe a Boma ichitike makomo ali otsegula, ndi kuti munthu wamba apatsidwe mpata wolankhula. Mu 1978 anthu anavomereza lamulo lina, lotchedwa ndi dzina la Richard Headlee, limene linalimbitsa mfundo yakuti msonkho wa m'dera usakwere popanda voti ya eni dera. Pamwamba pa zonsezi, sukulu siloledwa kukonza bajeti imene ndalama zotuluka ziposa zimene zilipo.

Chotero ndalama zikachepa, uthenga unali kuyenda njira zinayi. Yoyamba inali kalata yopita kunyumba, ya pa positi kapena ya m'manja mwa mwana. Yachiwiri inali nyuzipepala ya m'deralo. Yachitatu inali msonkhano wa bungwe, umene kawirikawiri unali kuchitika madzulo anthu ataweruka ku ntchito. Yachinayi, imene inali yotsiriza, inali pepala la voti.

Msonkho wa nyumba amauwerenga ndi muyeso wotchedwa mill. Mill imodzi ndi dola imodzi pa madola 1,000 alionse a mtengo umene Boma laika pa nyumba, ndipo m'masiku amenewo mtengowo unali theka la mtengo wogulitsira. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi nyumba yoti ingagulidwe madola 40,000. Boma liiwerengera madola 20,000. Sukulu ikapempha kuonjezera ma mill 7, munthuyo adzalipira madola 140 pa chaka pamwamba pa msonkho wake wakale. Kotero aliyense anatha kukhala pansi ndi pensulo, nadziwerengera yekha mtengo wa mawu akuti "inde."

Koma njira imeneyi inali ndi chilema chachikulu. Dera la nyumba zodula ndi mafakitale linali kupeza ndalama zambiri ndi msonkho wochepa. Dera losauka linali kusonkha molemetsa, koma zopeza zake zochepa. Pofika m'chaka cha 1993, madera ena anali kuwonongera mwana mmodzi madola oposa 10,000 pa chaka, pamene ena sanali kufika ngakhale 4,000. Ana a chigawo chimodzi, olemba zilembo zomwezo, anali kudya m'mbale zosiyana.

Ndalama Zichepa ku Kalkaska

Kalkaska ndi mudzi waung'ono kumpoto kwa Michigan, kum'mawa kwa tauni ya Traverse City. Ndi dziko la nkhalango, mitsinje ndi timanyanja, lozizira kwambiri m'nyengo yachisanu. Mudziwo udziwika ndi chikondwerero cha nsomba zotchedwa trout, chimene chimachitika chaka ndi chaka. M'zaka za m'ma 1970 kunapezeka mafuta a pansi pa nthaka, koma anthu ambiri a kumeneko sanali olemera. Ena anali okalamba opuma pa ntchito, odalira ndalama za penshoni zimene sizikula.

Sukulu za Kalkaska, kuyambira za ana aang'ono kufikira ya sekondale, zinali ndi ana pafupifupi 2,300, ambiri a iwo okhala kutali m'midzi. M'chaka cha sukulu cha 1992 kufikira 1993 kunaoneka kuti ndalama zidzaperewera ndi madola pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka. Bungwe la sukulu linapempha anthu kuti avomereze kukweza msonkho ndi ma mill oposa 7.

Pamaso pa bungwe panali njira ziwiri ngati anthu akana. Njira yoyamba inali imene madera ambiri anali kutsata: kudula pang'ono apa ndi apo. Kuimitsa mabasi, kuchotsa kuimba ndi kujambula, kuleka masewera, kuchotsa aphunzitsi ena ndi kuunjika ana ambiri m'kalasi imodzi. Potero sukulu ikanafika mu Juni, ngakhale yowonda. Njira yachiwiri inali yachilendo: kusunga maphunziro onse monga analili, kuphunzitsa bwino kufikira tsiku limene ndalama zidzathe, ndipo pamenepo kutseka makomo.

Bungwe la Kalkaska linasankha njira yachiwiri. Maganizo ake anali akuti maphunziro okwanira a masiku ochepa aposa maphunziro operewera a masiku ambiri. Ndipo silinabise. Linanena poyera, anthu asanaponye voti yotsiriza, kuti ngati msonkho sukwera sukulu zidzatsekedwa mu Marichi. Uthenga wotere unali wosavuta kumva. Munthu akauzidwa kuti "ndalama za zipangizo zichepetsedwa," saona chilichonse m'maso mwake. Koma akauzidwa kuti "mwana wanu adzakhala pakhomo kuyambira tsiku lakuti," adziwa bwino tanthauzo lake.

Anthu anafunsidwa katatu, ndipo katatu konse anakana. Voti yachitatu inachitika mu Marichi 1993. Tisafulumire kuwaweruza kuti anali odana ndi maphunziro. Msonkho wa nyumba ku Michigan unali wokwera kuposa wa zigawo zambiri za America. Wokalamba amene nyumba yake inali kukwera mtengo pa pepala, pamene ndalama za m'thumba mwake sizinasinthe, anaona kuti sangathe kusenza zina. Ena anakhulupirira kuti bungwe lingowaopseza, ndi kuti tsikulo likafika ndalama zidzapezeka. Enanso anati katunduyo ngwa Boma la ku Lansing, si wa anthu osauka a kumudzi.

Tsiku Lotseka

Pa 24 Marichi 1993 sukulu za Kalkaska zinatsekedwa, kutatsala masabata pafupifupi 10 kuti chaka chithe. Lamulo la nthawi imeneyo linali kufuna masiku 180 ophunzira pa chaka, koma masiku oposa 40 anatsala osaphunziridwa. Ana a kalasi yotsiriza ya sekondale, amene akanatsazikana ndi sukulu mu Juni kunja kutafunda, anatsazikana nayo kukali kozizira. Atolankhani a nyuzipepala ndi a wailesi yakanema anafika kuchokera kutali, ndi atsogoleri a bungwe la aphunzitsi anabweranso. Dzina la mudzi umene ambiri sanaumvepo linamveka m'dziko lonse la America.

Katundu weniweni anagwera mabanja. Mayi ndi bambo opita ku ntchito anayenera kupeza wowasungira ana masana. Ana amene anali kudalira chakudya cha masana cha kusukulu anachisowa. Aphunzitsi, oyendetsa mabasi ndi ophika anakhala pakhomo. Makomo anatsegulidwanso pamene chaka china cha sukulu chinayamba, koma masabata otayika aja sanabwerenso.

Kufikira lero anthu sagwirizana ngati bungwe lija linachita bwino. Otsutsa anati madera ena osauka chimodzimodzi anadula zina ndi zina nafika mu Juni, ndi kuti Kalkaska akanatha kutero. Anati kutsekako kunali njira yochititsa manyazi Boma, ndipo ana ndiwo anasanduka ndodo yomenyera. Ovomereza anati kudula mwakachetechete chaka ndi chaka ndiko kunamiza makolo, pakuti sukulu imaoneka yamoyo kunja pamene m'kati yatha ngati mtengo wofumbwa. Mbali zonse ziwiri zili ndi mawu oyenera kumvedwa. Koma pali chinthu chimodzi chimene sitingakane: makolo a ku Kalkaska anauzidwa tsokalo lisanagwe, anafunsidwa maganizo awo, ndipo zimene anauzidwa ndizo zinachitika.

Mbiri Ifika ku Lansing

Kwa zaka zoposa 20 atsogoleri a Michigan anali kukangana za msonkho wa sukulu. Kangapo konse anabweretsa njira zatsopano kwa anthu, ndipo anthu anazikana. Ngakhale mu Juni 1993, Kalkaska atatseka kale, anakananso njira ina. Koma tsopano nkhani inali itafika poti sangathe kuikankhira mawa.

Mu Julaye 1993 phungu wina wa Nyumba ya Malamulo, mayi Debbie Stabenow, anapereka ganizo lodabwitsa: kuti msonkho wa nyumba woyendetsera sukulu uthetsedwe wonse. Aphungu anavomera mwamsanga, ndipo mu Ogasiti Bwanamkubwa John Engler anasaina lamulolo. Motero ndalama zoposa madola 6 biliyoni pa chaka zinachotsedwa, popanda china cholowa m'malo mwake. Kunali ngati munthu wogwetsa nkhokwe yakale mvula ili pafupi, kuti adzikakamize kumanga yatsopano. Aphungu anagwira ntchito kufikira pa 24 Disembala, ndipo anakonza njira yoti anthu aiweruze.

Pa 15 Marichi 1994 anthu a Michigan anaponya voti pa njira imeneyo, yotchedwa Proposal A, ndipo pafupifupi 69 mwa anthu 100 alionse anavomera. Msonkho wa pa zinthu zogula m'sitolo unakwera kuchoka pa masenti 4 kufika pa masenti 6 pa dola iliyonse. Msonkho wa paketi ya ndudu unakwera kuchoka pa masenti 25 kufika pa 75. Msonkho wa nyumba zokhalamo eni ake unatsika kwambiri. Boma la chigawo linayamba kusonkhanitsa ndalama zambiri za sukulu ndi kuzigawa powerenga mitu ya ana, ndipo m'chaka choyamba dera lililonse linalandira madola osachepera 4,200 pa mwana mmodzi. Madera osauka anakwezedwa, ndipo mpata wa pakati pa olemera ndi osauka unayamba kuchepa.

Sitinganene kuti Kalkaska yekha ndiye anasintha malamulo, pakuti mkanganowo unali wakale. Koma olemba mbiri ya maphunziro a ku Michigan satha kusimba za 1994 osatchula mudzi umenewu. Uthenga umene bungwe linalembera makolo a kumudzi unakawerengedwa ndi aphungu ku likulu.

Kalata Isintha Mawu Ake

Walira mvula walira matope. Lamulo latsopano linachotsa vuto limodzi ndi kubweretsa lina. Kuyambira 1994 madera ambiri sangathenso kupempha eni nyumba kuti aonjezere msonkho wolipirira aphunzitsi ndi mabuku monga kale. Angathe kupempha ndalama zomangira ndi kukonzera nyumba za sukulu, koma za kuyendetsa maphunziro tsiku ndi tsiku zimagamulidwa makamaka ku Lansing. Motero kalata yopita kwa makolo inasintha mawu ake. Kale inali kufunsa kuti, "Kodi muvomera kusonkha?" Tsopano imangodziwitsa kuti, "Boma latipatsa zakuti, ndipo tachotsa zakuti." M'chaka cha 2011, pamene chuma cha chigawo chinali pa mavuto, ndalama ya mwana aliyense inachepetsedwa ndi madola 470, ndipo makalata otere anachuluka.

Palinso zinthu ziwiri zimene zimavuta akuluakulu a sukulu. Choyamba ndi nthawi. Chaka cha ndalama cha sukulu chimayamba pa 1 Julaye, koma cha Boma la chigawo chimayamba pa 1 Okotobala. Aphungu akachedwa kugwirizana, bungwe la sukulu limakonza bajeti lisanadziwe zimene lidzalandire, ndipo limauza makolo zinthu zongoyerekeza. Chachiwiri ndi mantha. Popeza ndalama zimatsata mutu wa mwana, ndipo lamulo limalola makolo kusamutsira ana ku sukulu zina, sukulu imene inena poyera kuti yachotsa maphunziro ena ingathe kutaya ana. Ana akachoka, ndalama zichepanso. Choncho pamakhala chiyeso chakuti akhale chete kufikira mapeto.

Zimene zinachitika ku Buena Vista, dera laling'ono pafupi ndi mzinda wa Saginaw, zionetsa kuopsa kwa vuto lodza mwadzidzidzi. Dera limenelo linali ndi ana pafupifupi 400. Boma linaimitsa ndalama zake chifukwa deralo linali litalandira ndalama za ana ena amene silinali kuwaphunzitsanso. Kumayambiriro kwa Meyi 2013 ndalama zolipira aphunzitsi zinasowa. Aphunzitsi anadzipereka kugwirako ntchito osalandira malipiro, koma bungwe linawaimitsa, ndipo sukulu zinatsekedwa pafupifupi masabata awiri, chaka chili pafupi kutha. Makolo sanafunsidwe ndi voti monga a ku Kalkaska, ndiponso sanakhale ndi miyezi yokonzekera. Mu Julaye chaka chomwecho dera la sukulu la Buena Vista linathetsedwa, ndipo ana anagawidwa ku madera oyandikana nawo.

Zitachitika izi ndi zina zotere, m'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo ochenjeza msanga, kuti dera limene ndalama zake zosunga zachepa lidziwike ku Boma lisanagwe. Masiku ano lamulo lifunanso kuti dera lililonse liike bajeti yake pa intaneti, kuti kholo lililonse lithe kuiwerenga.

Zimene Tiphunzirapo

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Koma kuchepa kwa ndalama za sukulu sikudza ngati mphezi ayi. Amene asunga mabuku a ndalama amakuona kukali kutali, monga mlimi amadziwa mu Juni kuti chimanga cha m'nkhokwe sichifika Januwale. Ntchito yawo ndiyo kuimba ng'omayo, kuti mudzi umve nthawi ikalipo.

Pa mbiri imeneyi tiona kuti uthenga wabwino kwa makolo uli ndi zinthu zinayi. Ufike msanga, chigamulo chisanamangidwe. Unene chiwerengero chenicheni cha ndalama zimene zasowa, ndi chifukwa chake. Utchule ndi dzina chimene mwana adzataya, kaya ndi basi, kaya ndi phunziro, kaya ndi masiku a sukulu. Ndipo ukhale woona, kuti zimene zanenedwa ndizo zichitike, pakuti sukulu imene iopseza chaka chino popanda kuchita, chaka chamawa sidzakhulupiriridwa. Kunena zoona sikubala ndalama, monga taonera ku Kalkaska, kumene anthu anamva bwino nakanabe. Koma kumapatsa banja nthawi yokonzeka, ndipo kumafikitsa vuto kwa amene angathe kulikonza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Makolo nawonso ali ndi mbali yawo. Lamulo lingatsegule makomo a msonkhano, koma silingamunyamule munthu kumuika pa mpando. Kalata ingalembedwe bwino, koma ikakhala m'thumba la mwana osawerengedwa, yapita pachabe. Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli achikulire, muli ndi chida chimene ambiri anachisowa. Kalata ya kusukulu ikafika, iwerengeni nokha, kawiri ngati kuli kofunika. Msonkhano wa makolo ukaitanidwa, pitani nokha, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Mukafika, funsani mwaulemu mafunso atatu awa: Zasowa ndalama zingati? Mwana wanga adzataya chiyani? Ndani ali ndi mphamvu yosintha zimenezi? Mphunzitsi wamkulu woona mtima sadzakwiya ndi mafunso otere. Adzakondwa kuti wapeza womuthandiza kusenza denga.

Mafunso Okambirana

1. Kodi Bwalo Lalikulu la Michigan linagamula chiyani m'chaka cha 1874?

2. Tchulani njira ziwiri zimene zinali pamaso pa bungwe la sukulu la Kalkaska. Inu mukanasankha iti, ndipo chifukwa ninji?

3. Kodi kalata yopita kwa makolo inasintha bwanji chitapita chaka cha 1994?

4. Pa sukulu ya kwanu, kodi makolo amamva bwanji za ndalama za sukulu?